Masitiki a Asodzi a ku Mbenji

Panali nthawi imene m'chipinda changa munali masitiki a pulu asanu ndi anayi, onse olendewera kudenga pa zingwe za ukonde. Anga anali awiri okha. Enawo ndinkangosungira eni ake.

Kwathu ndi kumtunda, kupitirira Khombedza. Nditalemba mayeso a Sitandade 8 sindinasankhidwe kupita ku sekondale, ndiye amalume, omwe anali ndi golosale pafupi ndi doko, anauza mayi kuti ndibwere ndiziwathandiza. Ndinkagulitsa sopo, shuga, mchere ndi mabatire, komanso kutchaja mafoni a asodzi pa sola. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa golosaleyo. Sindinali wolankhula. Munthu akandifunsa funso ndinkayankha ndikuyang'ana pasikelo.

Pambali pa golosale panali shedi ya malata, ndipo m'menemo munali tebulo la pulu la munthu wina. Kumudzi pulu ndinkangoimva m'maulaliki, ikutchulidwa pamodzi ndi mowa ndi njuga. Apa inali pafupi kwambiri moti ndikaima pawindo logulitsira ndinkaona theka la tebulo. Theka linalo ndinkangolimva: kugundana kwa mipira, kenako phokoso la mpira ukugubuduka m'mimba mwa tebulo.

Anyamata ankasewera ndi masitiki a pashedipo, okhota ndi opanda nsonga, ndipo ankamenya ngati akuwaza nkhuni. Amene ndinkawadikira ine anali akuluakulu. Iwo ankabwera masana dzuwa litapendeka, aliyense ndi sitiki yakeyake.

Mmodzi anali dalaivala wa malole wopuma ntchito. Sitiki yake inali yomasula pakati, yogula ku Joni, ndipo ankainyamula m'kathumba kamene anasoketsa kwa telala. Pakamwa pake sipankatsekeka.

"Iwe, ine ndinkasewera pulu ku Beira iwe usanamere mano," ankatero kwa aliyense, ngakhale kwa munthu wa imvi.

Wina anali msodzi wochokera cha ku Nkhotakota, wamtali ndi woonda, amene sankavula kofiya yoyera kumutu. Tonse tinkangowatchula kuti akulu a kofiya. Iwowa sankabetcha. Wina akatulutsa ndalama ankangoti, "Bwezani m'thumba, achimwene. Ine ndabwera kudzasewera." Asanamenye ankazungulira tebulo manja ali kumbuyo. Nthawi zina ankakhudza nsalu ya tebulo ndi chala, ndipo akamenya, mpira woyera unkapita kukaima pamene anakhudzapo. Ankamenya mofatsa kwambiri moti anyamata ankawaseka.

"Madala, mpira wagona panjira uwo!"

"Usiyeni. Ukudziwa kwawo."

Ndipo unkapitadi, pang'onopang'ono, mpaka kugwera m'dzenje.

Sitiki yawo anaipanga kalipentala wokhoma mabwato. Thupi lake linali la mlombwa, koma kogwirira anaikako chidutswa cha nkhafi ya bwato lawo loyamba, moti mitundu iwiri ya mtengo inkaoneka pamene inalumikizana. Kumutu kunali kamphete kamkuwa kodulidwa ku paipi ya injini, ndipo pamwamba pake panali nsonga ya chikopa cha lamba wakale. Pamene dzanja lawo linkagwira panali pakuda ndi posalala. Ndinkaiyang'ana tsiku lililonse, koma sindinaganizepo kuti ndingadzaigwire.

Mvula ikamatha, chilumba cha Mbenji chimatsegulidwa, ndipo asodzi amasamukira kumeneko mpaka mvula ina itayamba. Malamulo a kumeneko aliyense kuno amawadziwa: mowa ayi, akazi ayi, njuga ayi. Sitiki ya pulu, kaya mwini wake amabetcha kaya sabetcha, ili m'gulu la njuga, ndipo palibe amene angaikweze m'bwato. Vuto ndi lakuti asodzi ambiri si a kuno. Padoko amagona m'misasa ya udzu, ndipo akawoloka msasawo umatsala wopanda munthu.

Chaka changa chachiwiri, kutatsala pang'ono kuti chilumba chitsegulidwe, akulu a kofiya anaima pawindo langa sitiki ili m'manja.

"Mwana iwe, umamwa?"

"Ayi, bambo."

"Umasewera?"

"Ayi, bambo."

"Nanga maso akowo amafuna chiyani patebulo tsiku lonse?"

Ndinayang'ana pasikelo.

"Denga lako limadontha?"

Analowa m'chipinda changa, nayang'ana malata, nagogoda mitanda kuti amve ngati muli chiswe. Kenako anatulutsa chingwe m'thumba, namanga sitikiyo cha kumutu, naipachika pakati pa chipinda. Anandiuza kuti ndisadzaitsamiritse kukhoma ngakhale kwa kanthawi, chifukwa chinyezi cha kunyanja chimapinda mtengo uliwonse wotsamira. Ndisaigoneke pansi. Ndisaibwereke munthu. Ndiziipukuta ndi kansalu kouma, mafuta pang'ono kamodzikamodzi.

"Mpaka chilumba chitatsekedwa," anatero.

"Ndisunga, bambo."

Nkhani inamveka padoko, ndipo chaka chotsatira anabwera ena. Wina anabweretsa ya mbawa yolemera ngati mpini wa khasu, chifukwa anathiramo mtovu wa ukonde kogwirira. Wina yake anaikulunga ndi chubu cha njinga. Wina anaotchapo mizere ndi waya wamoto, mzere umodzi pa mwana wake aliyense. Akabwera kumtunda kudzagula ufa ankatenga sitiki, kusewera masana amodzi, n'kundibwezera asanakwere bwato. Sankandilipira, koma utaka sunkasowa pa mbale yathu.

Anga awiri anabwera chonchi. Dalaivala uja anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mwana wake wamkazi anabwera ndi kathumba kaja, nati bambo akuti mutenge. Inayo ndinakapangitsa ndekha kwa kalipentala uja, ya mlombwa, yofanana kutalika ndi ya akulu a kofiya. Ndinaphunzira kusewera pang'ono, m'mawa m'shedi musanabwere anthu, koma sindinakhalepo katswiri. Chimene ndinkakonda chinali kuwatsitsa mmodzimmodzi, kuwagubuduza patebulo kuti ndione ngati akadali owongoka, n'kuwapachikanso.

Mtsikana amene ndi mkazi wanga lero ankabweretsa mpunga ku golosale kuchokera ku Lifuwu. Anabwera kangapo ine ndikungoyeza mpunga osanena kanthu. Tsiku lina anati, "Kodi inu, m'kamwa mwanu muli chilonda?" Ndinaseka, mpunga n'kutayikira pansi. Zinayambira pamenepo, ndipo zambiri ankalankhula ndi iyeyo.

Zitafika poti akulu adziwe, amalume anapita ku Lifuwu kukaonana ndi amalume ake a mtsikanayo. Anabwerako ndi mawu atatu. Chinkhoswe chichitike mu Julaye, mpunga utakololedwa. Ndikakhale komweko pachikamwini, monga mwa mwambo wathu, ndipo ndifike msanga chifukwa munda wa chilimwe ukufuna manja. Mawu achitatu amalume anawanena akuyang'ana kudenga la chipinda changa.

"Amva kuti m'nyumba mwako mwadzaza zida za njuga. Akuti ubwere ndi khasu ndi chikwakwa, koma timitengo ito tisaponde m'mudzi mwawo."

Sindinawaone ngati ankhanza. Amalume akewo anali mkulu wa mpingo, ndipo ndi amene analera mtsikanayo. Bambo ake omubala anataya ndime ya mpunga pa njuga, kenako anachoka osabwereranso. M'banja limenelo mawu akuti pulu sankatchulidwa moseka.

Koma uwu unali mwezi wa Meyi. Chilumba chinali chitangotsegulidwa kumene, ndipo masitiki asanu ndi awiri a eni ake anali atangopachikidwa. Aliyense ndinali nditamuuza mawu omwe aja: mpaka chilumba chitatsekedwa.

"Ingowasiya muno," anatero amalume. "Adya chiyani?"

Amalume ndi munthu wabwino, koma kwa iwo mtengo ndi mtengo. Ndinawapezapo akukankha katoni pamwamba pa shelefu ndi sitiki ya dalaivala. Komanso anali atanena kale kuti ndikachoka, m'chipindamo aziikamo mchere ndi matumba a simenti.

Ndinayamba kuuza eni ake mmodzimmodzi akabwera kumtunda. Ambiri ankangokanda kumutu. Mmodzi, mwini wa sitiki ya mizere ya ana ija, anati palibe vuto, naitenga kukaisiya kwa mayi wina amene ankamuphikira. Akulu a kofiya anabwera Lachisanu lina, ndipo atatuluka mumzikiti anafika pawindo. Ndinawafotokozera zonse, mawu akuthawa m'kamwa.

"Ndiye ukufuna ndiitenge?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Ndikhoza kuisomeka m'denga la msasa. Si mlandu. Ndi mtengo chabe." Ankanena izi akuipukuta ndi mkono wa malaya awo, kuyambira kogwirira mpaka kumutu. "Kwatira, mwana iwe. Ndikabweranso ndidzaitenga, Insha Allah."

Anaipachika okha, namanga mfundo kawiri.

Iwo asanabwerenso, ndinaona sitiki ya mizere ija. Ndinkapita kukatunga madzi, ndipo ndinapeza ana akugwetsa bwemba nayo. Nsonga inali itachoka, ndipo inali itakhota moti sinkafunikanso kuigubuduza kuti udziwe. Ndinaima pamenepo ndi ndowa yanga. Ndikubwerera kunyumba ndinali nditadziwa chimene ndikanene ku Lifuwu, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikachinena bwanji.

Tinapita pa njinga, ine ndi amalume. Njira yonse ankandikalipira.

"Ine sindikanena zimenezo. Ukufuna anditenge ngati wamisala? Nkhoswe imakapempha mkazi, osati kukapempha kuti mkazi adikire."

Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Amalume ake a mtsikanayo anakhala pampando, ndipo amayi ake anakhala chapatali akupeta mpunga. Mwamwambo ine sindinkayenera kulankhula. Akulu awiriwo anakambirana za nsalu, za mbuzi, za anthu oitanidwa. Ndinkadikira kuti amalume anga ayambe nkhani yanga, koma iwo anali atayamba kale kufunafuna nsapato zawo. Ndinagwada.

"Pepani, bambo. Ndili ndi pempho."

Onse anandiyang'ana. Lichero linasiya kulira.

"Ndikupempha kuti tidikire mpaka Mbenji atatsekedwa."

"Chifukwa?" anafunsa amalume ake a mtsikanayo.

"Masitiki aja ndi a eni ake. Alibe kowasiya. Ndinawauza kuti ndisunga."

"Ukwati udikire timitengo?"

"Eya, bambo."

"Ukudziwa kuti Mbenji amatsekedwa liti? Mvula itagwa. Mpunga wa phwando udzakhala utatha, anthu ali kumunda, njira ili matope okhaokha. Ndani adzabwere?"

 Ndinkangoyang'ana mphasa.

"Onse ndi a eni ake?"

"Awiri ndi anga."

"Nanga amenewo?"

"Amenewo ndidzawasiya, bambo. Kuno sadzafika."

 Anatembenukira kwa amalume anga, nati, "Tamva. Yendani bwino." Sanatipatse yankho lililonse, ndipo mtsikanayo sanatuluke m'nyumba kudzatiperekeza. Pobwerera amalume sanandikalipirenso. Zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa kuja.

Masabata otsatirawo mpunga unkabwera ndi mayi wina. Ndinkayeza, n'kuthokoza, osafunsa kanthu. Akulu a kofiya anabwera kudzatenga sitiki yawo monga ananenera, ndipo ndinawauza kuti aisiye, zakonzeka. Anandiyang'ana kwa kanthawi, koma sanafunse kuti zakonzeka bwanji.

Mtsikanayo anabwera Julaye atadutsa, wopanda mpunga.

"Tsegulani ndione," anatero.

Ndinatsegula chipinda, ine n'kuima pakhomo. Analowa, nayenda pakati pa masitikiwo akuwakankha ndi chala kuti agwedezeke.

"Ndiye akazi anzanga ndi amenewa?"

"Ayi."

"Mukudziwa manyazi amene mwandichititsa? Anzanga anagula kale nsalu. Kuchitsime akundifunsa kuti kodi mwamuna wako wakwatira mlombwa?"

"Pepani."

"Pepani, pepani. Kwa amalume munalankhula ngati loya, kwa ine pepani." Anagwira sitiki ya akulu a kofiya, naiyang'ana pamene panalumikizana mitengo iwiri. "Iyi ndi ya ndani?"

Ndinamufotokozera za nkhafi, za kamphete, za chala chokhudza nsalu. Ndikuganiza kuti sindinali nditalankhulapo nthawi yaitali chonchi pamaso pake. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Amalume akuti Disembala," anatero. "Koma akuti munda sudikira Disembala. Muzibwera kudzalima kuyambira Lolemba. Ndipo mawu aja sanasinthe. Ngakhale imodzi."

Chilimwe chonsecho ndinkapalasa njinga kupita ku Lifuwu masiku ena pa sabata, kulima, kutsegula madzi m'ngalande, kupirikitsa mbalame, n'kubwerera kudoko. Amalume akewo ankandionetsa ntchito, koma nkhani zina sitinkacheza.

Mvula itayamba chilumba chinatsekedwa, ndipo mabwato anabwerera. Ndinabweza masitiki kwa eni ake, aliyense akuigubuduza yake patebulo pamaso panga. Onse anali owongoka. Ya dalaivala ndinakaipereka kwa mdzukulu wake. Yanga yopangitsa ija ndinaisiya pashedi kuti aliyense azisewerera, ndipo sindifuna kunena mmene inkaonekera patapita mwezi.

Akulu a kofiya anabwera pomaliza. Anandiuza kuti chaka chimenecho chinali chawo chotsiriza panyanja. Maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo ana awo ankafuna kuti abwerere kwawo.

"Tatenga tokeni yotsegulira mipira, mwana iwe. Sindinakuonepo ukusewera."

Tinasewera gemu imodzi. Ankawerama kwambiri kuposa kale, ndipo kawiri anandifunsa ngati mpira wakutali unali wawo kapena wanga. Anandigonjetsabe, ine ndikadali ndi mipira inayi patebulo. Anyamata anakuwa.

"Madala, mwanayu akukwatira! Mukanamusiyirako!"

"Akamusiyira ndi mkazi wake," anatero iwo. Kenako anandilozetsa sitikiyo chogwirira chili kwa ine. "Tenga. Ndi yako."

Manja anga ananyamuka okha, koma ndinawabweza.

"Sindingathe, bambo. Ndinalonjeza ku Lifuwu."

Pamenepo ndi pamene ndinawauza zonse, za mphasa ija ndi za Julaye. Anamvetsera akuyang'ana pansi.

"Ndiye ukwati unauimitsa chifukwa cha ichi?"

"Eya, bambo."

"Ndiwe chitsiru," anatero, koma mofatsa. "Amalume ako ali ndi sowo?"

Ndinakatenga sowo ndisakudziwa chimene akufuna. Anagoneka sitikiyo pabenchi, naiponda ndi bondo, nadula kumutu kwake, utali ngati chikhatho. Kachidutswako, ndi kamphete kake ndi nsonga yake, kanagwera mumchenga.  Ine ndinkafuna kuwagwira dzanja, koma anali atamaliza kale. Anatuma mwana kukatola kachidutswa ka tayala, nakakhomera podulapo ndi msomali waung'ono. Kenako anaimirira, nagwira kogwirira kuja, natsamirapo.

"Chinkhoswe ndi liti?"

Chinkhoswe chinachitika kukugwa mvula, ndipo anthu anali ochepa monga ananenera amalume a mkazi wanga. Akulu a kofiya anafika matope ali m'miyendo, akuyenda ndi ndodo yawo. Anawapatsa mpando pakhonde ngati mlendo wa kuchimuna. Ndinaona amalume a mkazi wanga akuyang'ana ndodoyo kangapo. Munthu aliyense wa m'dera lino amadziwa kuti ndodo yoyendera siikhala yonenepa kumwamba n'kumaonda bwinobwino chotero mpaka pansi.

Madzulo alendo akubalalika, akulu a kofiya anatsanzika n'kuyamba kuyenda manja ali kumbuyo. Ndodo anaisiya pakhonde.

"Akulu!" anaitana amalume a mkazi wanga. "Mwaiwala ndodo yanu."

"Sindinaiwale. Ndamusiyira mkamwini wanuyo. M'minda yanu ya mpungayi muli njoka."

Ndipo anapitiriza ulendo osatembenuka.

Amalume akewo anaitola. Anaitembenuza m'manja, nayang'ana tayala lija, kenako anaikweza kufika padiso n'kuyang'ana m'litali mwake monga timachitira poona ngati sitiki yakhota. Ine ndinali chiimire pabwalo, mvula ikundinyowetsa jekete lobwereka. Anandiyang'ana.

"Iwe unadziwa za zimenezi?"

"Ndinaona akudula, bambo. Zoti aisiya kuno sananene."

"Ingasewerenso?"

"Ayi, bambo. Yafupika, ndipo ilibe mutu."

Anaiyang'ananso kamodzi.

"Yawongoka bwino," anatero, naipereka kwa mkazi wanga. "Kaikeni m'nyumba, inyowa."

Akulu a kofiya sindinawaonenso. Ndinamva kwa asodzi kuti anafika bwino kwawo. Ine pulu ndinasiya kuyambira nthawi imeneyo, ngakhale ndikapita ku Khombedza pa tsiku la msika ndimaima pang'ono pakhomo la shedi ngati mukusewera munthu wamkulu. Kachidutswa ka kumutu kaja ndinakatola mumchenga tsiku lomwelo, koma sindinabwere nako kuno. Kali kudoko, m'kabati ya amalume anga.

Ndodoyo ili m'nyumba mwathu, yolendewera kudenga pa chingwe cha ukonde. Kumunda sindinapitepo nayo. Mkazi wanga akamachotsa akangaude kudenga amaimasula, n'kundiitana kuti ndiigwire mpaka amalize. Ndikakhala kulibe amaipatsa mwana kuti aigwire. Kukhoma sanaitsamiritsepo.